Chigwa cholima thonje, telala wosoka zigamba

Madzi osefukira akangophwa kuchigwa cha Shire, pakati pa chithandizo chomwe chimabwera sipalephera kukhala maphunziro a zosoka. Bungwe limabwereka chipinda kutchalitchi kapena kusukulu ya pulayimale, n'kuikamo makina angapo, n'kulemba mayina a amayi ndi achinyamata. Pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kumakhala mwambo wopereka masatifiketi: ophunzira atchena madiresi osoka okha, mlendo wolemekezeka akuyamika, zithunzi zikupita pa Facebook. Sindikunyoza ayi, pakuti alipo anthu amene akudya lero chifukwa cha makalasi otere. Chimene chimandivuta ndi kayankhulidwe ka pamiyamboyi. Mukamamvetsera mungaganize kuti luso la nsalu likufika kumene ku Chikwawa ndi Nsanje, kuti ndi mphatso yotsika kuchokera kumtunda. Chonsecho chigwa chimenechi chinkapanga nsalu yakeyake, kuyambira kumunda mpaka pathupi, mzinda wa Blantyre kulibe n'komwe.

Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa kasitima kotchedwa Ma Robert. M'midzi ya Amang'anja, m'dziko la Tengani mpaka kumtunda kwa Chibisa kufupi ndi boma la Chikwawa la lero, anapezamo minda ya thonje, ndipo m'mabwalo munali anthu akuchotsa njere, ena akupota ulusi, ena akuwomba nsalu. M'buku lomwe analemba ndi mng'ono wake Charles, lomwe linatuluka mu 1865, anafotokoza kuti eni dziko ankasiyanitsa mitundu ya thonje: la manga, lomwe mbewu yake inachokera kunja, ndi la kaja, lachikhalire, lalifupi komanso lokhakhala. Anthu amene amapatsa mbewu mayina chonchi si ongoyamba kumene. Apwitikizi a ku Sena ndi Tete anali atalemba kale za nsalu imeneyi m'zaka za m'ma 1600. Dzina lake inali machila, ndipo inkayenda mu Zambezi monse ngati katundu wamalonda, mwinanso ngati ndalama. Machila onyamulira azungu ndi odwala aja anatenga dzina ku nsalu yomweyi. Ngakhale liwu loti njinga, lomwe lero limatikumbutsa kabaza wa pa Nchalo, kale linkanena kachipangizo ka ulusi.

Mfundo imene ambirife sitiidziwa ndi yakuti kupota ndi kuwomba inali makamaka ntchito ya amuna. Elias Mandala, katswiri wa mbiri yakale amene buku lake lonena za chigwachi, Work and Control in a Peasant Economy, linatuluka mu 1990, akusonyeza kuti chuma cha Amang'anja sichinali cha khasu lokha. Amayi ankatcheza mchere, amuna ankasula zitsulo ndi kuwomba nsalu, ndipo zonsezi zinkasinthanitsidwa ndi anthu a kumapiri. Choncho mnyamata wa ku Ngabu amene lero amachita manyazi kulembetsa kalasi ya zosoka poopa kuti anzake amunena kuti walowa za azimayi, akuopa mwambo wobwera. Makolo ake aamuna ankakhala pansi pa mtengo ndi ulusi m'manja, popanda wowaseka.

Luso limeneli linafa imfa yapang'onopang'ono. Choyamba chinali chipwirikiti cha m'ma 1860: ogwira akapolo analowa m'chigwa, kenako chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 inapululutsa midzi. Amagololo amene anabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Maseya ndi Katunga, anakhazika ufumu wawo pa anthu otsalawo. Koma chimene chinamaliza zonse si nkhondo, ndi mtengo. Nsalu ya m'fakitale, merikani woyera ndi biliwita wakuda, inayamba kulowa yambiri, makamaka sitima za kampani ya Mandala zitayamba kuyenda pa Shire kuchokera mu 1878. Munthu wowomba pamanja, amene ankatha masiku ambiri pa nsalu imodzi, sakanalimbana ndi makina a ku Manchester ndi Bombay.

Livingstone sanayamikire thonje la Amang'anja n'cholinga choti iwo apitirize kuwomba. Maso ake anali pa mafakitale a kwawo, omwe ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo ku America. Ankakhulupirira kuti chigwa cha Shire chikamagulitsa thonje ku Britain, malonda a akapolo afooka mbali zonse ziwiri. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma m'maganizo amenewo munthu wa kuchigwa anali mlimi basi, wopanga nsalu anali wina. Ndipo zinachitikadi choncho. Bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linafika kuno ndi mbewu ndi makina ochotsa njere, ndipo kuyambira mu 1923 boma la atsamunda linalipatsa mphamvu yoti ndilo lizigula thonje la alimi achikuda. Msonkho unkafuna ndalama, ndalama inali mu thonje. Amang'anja pamodzi ndi Asena amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi anasandutsa chigwachi nkhokwe ya thonje ya Nyasaland, mpaka pamene Shire anadzaza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 n'kumiza madimba ambiri omwe ankalimamo. Thonje linkakwera njanji pa Chiromo ndi Port Herald, yomwe ndi Nsanje ya lero, n'kubwerera lili nsalu m'masitolo a amwenye. Pakhonde la sitolo yoteroyo m'pamene panabadwira telala amene timamudziwa ife, bambo wopalasa makina a Singer, kusoka nsalu imene kasitomala wagula m'kati.

Kalasi ya zosoka inabwera pa njira ina, njira ya mishoni, ndipo inabwerera atsikana. Ku Blantyre Mission, yomwe inayamba mu 1876, anyamata ankaphunzira ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi uphunzitsi, pamene atsikana ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita. Kuchigwa mishoni zinachedwa kukhazikika chifukwa cha kutentha ndi malungo. Manda a amishoni oyambirira a UMCA amene anafera kwa Chibisa mu 1863 akadalipo kufupi ndi Chikwawa. A South Africa General Mission anasankha kumanga m'mapiri a Nsanje, ku Lulwe mu 1900 kenako ku Chididi, ndipo Akatolika anabwera pambuyo. Koma maganizo a maphunziro a mtsikana anali amodzi m'mishoni zonse za nthawiyo: akonzekere kukhala mkazi wa mphunzitsi kapena wa mlaliki, wodziwa kuveka ana ake ndi kubisa thupi lake. Singano inali mbali ya katekisimu. Onani kusintha kwake: m'zaka zosakwana makumi asanu, nsalu inachoka pokhala ntchito ya amuna yobweretsa chuma n'kukhala phunziro la ulemu wa mayi wapanyumba.

Pali kalasi imodzi ya nthawi imeneyo imene ndimaiona mosiyana, ngakhale inali kunja kwa chigwa, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pa Providence Industrial Mission, yomwe John Chilembwe anayambitsa mu 1900, mayi wachikuda wa ku America, Emma DeLany, ankaphunzitsa amayi kusoka, ndipo atachoka ntchitoyo anaipitiriza ndi Ida, mkazi wa Chilembwe. Zithunzi za pamishoniyo zikuonetsa amayi atavala madiresi aatali osokedwa bwino, amuna ali m'masuti. Wina anganene kuti kumeneko kunali kungotengera azungu. Koma kumbukirani kuti masiku amenewo munthu wakuda akavala chipewa ankayenera kuchivula akakumana ndi mzungu, ndipo nkhani ya chipewayi inatuluka ngati dandaulo lenileni pa kafukufuku amene boma linachita itatha nkhondo ya Chilembwe ya 1915. M'dziko lotero, mayi wakuda kudzisokera diresi lofanana ndi la dona kunali kuyankha mwano popanda kutsegula pakamwa. Ku Mbombwe singano inali ndi ndale m'kati. Komabe ngakhale kumeneko nsalu yake inali yogula kusitolo.

Boma la atsamunda linatenga maganizo a amishoni n'kuwaika m'dongosolo. Mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, komwe aphunzitsi ndi mafumu ankapita ndi akazi awo. Mwamuna akuphunzira zoyendera sukulu kapena zoyendetsa mudzi, mkazi ankaphunzira zaukhondo, kulera ana, kuphika ndi kusoka, kuti akabwerera kwawo nyumba yawo ikakhale chitsanzo. Titalandira ufulu mu 1964 dongosololi silinasinthe kwenikweni, linangokula. Alangizi a zachitukuko ophunzitsidwa ku Magomero, pamodzi ndi amayi ophunzitsa ntchito zapakhomo, anafika m'midzi yambiri, ndipo mu 1985 kunabwera Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, chotsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. Funsani agogo anu aakazi zomwe ankasoka m'magulu a nthawi imeneyo. Akuuzani za nsalu ya patebulo yopeta maluwa, tinsalu toyala pamipando, malaya a mwana. Zinthu zokongola, ndipo ambiri akuzisungabe m'sutikesi. Koma palibe amene ankawaphunzitsa kuwerengera mtengo wa diresi, kapena kukonza makina akayamba kudula ulusi. Cholinga chinali nyumba yooneka bwino alendo akabwera, osati ndalama m'thumba la mayi.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo ndi imene dziko lino linayandikira kwambiri kulumikizanso munda ndi chovala. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre. Mu 1968 kunayamba ntchito yotukula ulimi wa thonje ku Chikwawa ndi ngongole ya World Bank, yomwe inadzakula n'kukhala pulojekiti ya chigwa chonse, likulu lake ku Ngabu. Kuyambira mu 1971 ADMARC ndiyo inkagula. Thonje la ku Ngabu linkatha kukwera Thabwa, kukapotedwa ndi kuwombedwa ku Blantyre, n'kubwerera lili chitenje kapena nsalu ya yunifomu, telala wa pa Bangula n'kulisoka. Sindikufuna kuikometsa nthawi imeneyo. Mlimi ankalandira mtengo wotsika, phindu la ADMARC n'kumakathera ku minda ikuluikulu ya fodya ya anthu apamwamba. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo nsalu yokhala ndi nkhope ya Kamuzu sinali yoti munthu n'kuikana. Koma kwa telala, ngakhale zokakamizazi zinali ntchito. Zovala zosokeratu zinali zodula, choncho diresi la Khirisimasi, yunifomu ndi suti ya ukwati zonse zinkadutsa pamakina ake. Amene anadya bwino nthawi imeneyo anali bambo wa pakhonde uja, amene anaphunzira pothandizira telala mnzake. Mayi wa m'kalasi ya boma anatsala ndi nsalu yake ya patebulo.

Kenako kunabwera kaunjika. Malonda atamasulidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mabelo a zovala zovalidwapo kale a ku Ulaya ndi America anadzaza misika, ndipo dzina lake likufotokoza lokha mmene amagulitsidwira. Pano tiyenera kunena chilungamo, ife amene timakonda kulira za mafakitale athu titavala jinzi ya pa kaunjika. Kwa banja losauka la kwa Nyachikadza kapena kwa Makhuwira, kaunjika anali chipulumutso. Ana amene akanayenda ndi kabudula mmodzi wong'ambika anapeza zosinthira. Koma mtengo wake unagwera ena. Fakitale ya Whitehead inafooka, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa kwa a Mapeto pa mtengo umene unadzetsa mkangano waukulu. Thonje lambiri la kuchigwa linabwerera pa ulendo wake wakale, kutuluka m'dziko litangochotsedwa njere. Telala anasanduka wokonza: kuchepetsa m'chiuno, kupinda miyendo, kusintha zipi, kuika chigamba. Ndi ntchito yolemekezeka, koma malipiro ake ndi a tomato ndi kabotolo ka mafuta.

Mayiko ena anayesa kulimbana nazo. Mu 2016 mayiko a East African Community anagwirizana zothetsa pang'onopang'ono kuitanitsa kaunjika. America itaopseza, ambiri anabwerera m'mbuyo, Rwanda yokha ndiyo inalimba mtima, ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wogulitsa zovala zake ku America popanda msonkho pansi pa AGOA. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yopota kuposa pamenepo. Bungwe la DAPP limagulitsa zovala za kaunjika m'masitolo ake, ndalama zake n'kumathandizira ntchito zachitukuko, ndipo bungwe lomwelo lili ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Mikolongwe komwe achinyamata amaphunzira kusoka. Sindikuliloza chala. Ndikungosonyeza pamene tafika: belo lomwe likulanda telala kasitomala likhoza kukhala lomwe likulipirira maphunziro a telala wamawa.

Maphunziro a masiku ano asintha chilankhulo. Kuchokera pamene TEVET inakhazikitsidwa mu 1999, ndiponso makoleji a ntchito zamanja a m'madera atayamba mu 2015, sitikumvanso za mayi wapanyumba wachitsanzo. Tikumva za bizinesi, kudzilemba ntchito, mafashoni. Anyamata akulowa nawo, ndipo atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati akupeza poyambiranso. Kumeneko ndi kupita patsogolo. Koma ndimaona kuti mzimu wa ku Domasi sunachoke. Kalasi imayesedwabe ndi chiwerengero cha omaliza maphunziro, ngati kuti luso likalowa m'manja nkhani yatha. Tsiku lotsatira mwambo wa masatifiketi, mtsikana uja amadzuka alibe makina. Makina ndi ochokera kunja, nsalu yambiri ndi yochokera kunja, ulusi, singano, zipi ndi mabatani chimodzimodzi, ndipo Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera limodzi. Ena amapatsidwa makina amodzi pagulu la anthu asanu, ndipo aliyense amene anakhalapo m'gulu akudziwa mathero ake: amakakhala kunyumba kwa wapampando. Onjezerani za kuchigwa zokha. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anathamangitsa mabanja ambirimbiri m'nyumba zawo. Makina opalasa ndi chitsulo cholemera. Pothawa madzi usiku munthu amanyamula mwana, ndipo makina akagona m'matope masiku angapo amatuluka ali dzimbiri. Makasitomala nawo amakhala ali m'misasa, kudikira ufa.

Komabe pali nthawi zimene makina a m'midzi analira usana ndi usiku, ndipo n'zimene ziyenera kutiphunzitsa. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika ndipo masiki zitakhala zokakamiza, telala aliyense amene anali ndi zidutswa za chitenje anapeza ndalama. Magulu a amayi a m'sukulu amene amasoka mapadi ochapa a atsikana amagwira ntchito mosalekeza pamene pali bungwe kapena sukulu yogula, ndipo amaima ndalamayo ikatha. Luso linali lomwelo dzulo ndi lero. Chimene chinasintha ndi wogula.

Nkhani yofanana nayo ili kutali, ku Alabama m'dziko la America, ndipo ikukhudza mtundu wina wa zosoka umene mabungwe ena amakonda kuphunzitsa: kulumikiza zidutswa za nsalu n'kupanga chofunda chochindikala. M'dera la Gee's Bend, amayi achikuda, zidzukulu za akapolo amene ankathyola thonje lomwe Livingstone ankafuna kulilowetsa m'malo ndi la ku Shire, ankasoka zofunda zotere kuchokera ku zovala zakutha pofuna kuthana ndi kuzizira. Palibe anawatsegulira kalasi. Ankaphunzira kwa amayi awo. Mu 1966 amayi a m'derali anapanga kopaletivi yotchedwa Freedom Quilting Bee, ndipo chimene chinawapatsa malipiro okhazikika ndi mgwirizano wa mu 1972 ndi sitolo yaikulu ya Sears wosoka zovundikira mapilo. Kutchuka kunadza mochedwa, mu 2002, pamene zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba zosungira zaluso ku Houston ndi New York. Chofunda chochindikala ku Nsanje, komwe mu Okutobala anthu amagona panja chifukwa cha kutentha, chilibe ntchito kwenikweni, pokhapokha ngati wogula ali ku Blantyre kapena kunja. Koma zidutswa zomwe zimaunjikana pansi pa makina a telala zimatha kukhala zikwama za mabuku, zoyala ndi zoberekera. Chimene ndingatengeko ku Alabama si chofundacho ayi, ndi pepala la mgwirizano lija.

Ogula aakulu kuchigwa alipo, ndipo sabisika. Kuli sukulu za pulayimale ndi sekondale mazanamazana zimene ana ake amavala yunifomu. Kuli minda ya nzimbe ku Nchalo, Kasinthula ndi Phata, komwe antchito amavala maovolosi. Kuli zipatala zofuna nsalu zoyala pabedi ndi makatani, makwaya, amayi a Mvano ndi magulu ena a mumpingo, aliyense ndi yunifomu yake. Kuli ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, ndi antchito ake. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, koma mawu oti Malawi ndi otambalala: ovolosi yosokedwa ku Limbe ndi ya Malawi, ngakhale telala wa pa Nchalo sanaikhudze. Telala mmodzi sangasoke maovolosi mazana asanu ofanana muyezo pa mwezi umodzi, ndipo alibe mapepala amene ofesi yogula katundu imafuna. Atelala makumi awiri olembetsedwa ngati kopaletivi, okhala ndi wodula nsalu waluso mmodzi, makina omalizira m'mphepete ndi nyumba yomangidwa pamalo okwera, angathe.

Ambiri a inu amene mukuwerenga pano mudzalembedwa ntchito m'mabungwe omwewa, ndipo tsiku lina adzakupatsani kuti mulembe pulojekiti yothandiza achinyamata a ku Chikwawa kapena Nsanje. Zosoka zidzabwera msanga m'mutu, chifukwa n'zosavuta kuwerengera ndipo zimajambulika bwino. Musanalembe chiwerengero cha ophunzira, kayambeni mwakhala pa benchi la telala wa pa Dyeratu kapena pa Bangula tsiku lamsika, muwerenge zovala zatsopano zimene wasoka ndi zakaunjika zimene wachepetsa. Mukatero pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi mukamufunse kumene yunifomu ya ana ake imasokedwa, ndiponso ngati komiti ya sukuluyo ingasayine kuti chaka chamawa idzagula kwa ophunzira anu.